Madamu Amamwabe Tiyi

Ndivomere pachiyambi pomwe kuti zonse ndinayambitsa ndine. Nkhani ija inamveka ku Area 10, yoti mayi wina anamwalira koma akulowabe ntchito tsiku ndi tsiku, sinachokere kwa alonda kapena kwa madalaivala. Inachokera m'mutu uno. Ndikulemba izi ngati munthu wopuma pantchito. Ndinagwira ntchito milungu inayi yosakwana, ndipo anandipumitsa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Agogo anga ku Rumphi anaphunzitsa sukulu mpaka imvi, ndipo atapuma analemba mbiri yawo m'kope kuti ana adzawerenge. Nanenso ndati ndilembe yanga ndisanaiwale, ngakhale inu ana anga simunabadwe, ndipo mayi anu sindinakumane nawobe. Za ubwana wanga ku Mchesi ndilumpha, ndi zikwapu zokhazokha.

Julaye, mayeso a Fomu 4 atangotha

Amene anandilemba ntchito ndi Anti Towera, mng'ono wawo wa mayi anga. Amagwira ntchito yolemba malipoti pa bungwe lina ku City Centre, ndipo amakhala okha m'nyumba ya bungwelo ku Area 10. Zaka zitatu anakhala akupempha tchuthi, bwana wawo a Mhango akungoyankha kuti ntchito yachuluka. Ndiye chaka chimenecho denga la ofesi yawo linayamba kukonzedwa, onse anauzidwa kuti mwezi wathunthu azigwirira ntchito kunyumba. Anti anangomva mawu oti mwezi wathunthu, basi n'kukagula tikiti ya ndege yopita ku Istanbul, mzinda umene anakhala akuuyang'ana pazithunzi kuyambira ali kusukulu.

Vuto linali limodzi. Ntchito ya ku ofesi kwawo imatseguka pa kompyuta ya ofesi yokha, ndipo kompyutayo ikatuluka m'dziko muno imadziulula yokha. Choncho anaganiza zoisiya m'chipinda chawo chowerengera, iziyaka tsiku lonse, iwo aziilowa ali kutali kudzera pa laputopu yawo. Zili ngati munthu ali kutsidya kwa nyanja koma dzanja lake lafika patebulo la ku Area 10. Chimafunika n'choti pakhale munthu woiyatsa m'mawa ndi woliza jenereta magetsi akathima. Munthuyo ndinali ine.

"Penjani," anatero tsiku londilemba ntchito, "umatha kutseka pakamwa?"

"Ndikamadya zimavuta, Anti."

"Ndikunena zenizeni, iwe. A Mhango akangodziwa kuti ndatuluka m'dziko muno, ntchito yatha tsiku lomwelo. Nyumba ino ipita. Sukulu yako ya chaka chamawa ipitanso, chifukwa yakhala pa ntchito yomweyi. Wamva?"

Malamulo anali atatu. Chipinda chizikhala chokiya, kiyi m'thumba mwanga. Kiyibodi ndisaikhudze, chifukwa chilichonse ndingalembe chikalowa m'ntchito ya ofesi. Ndipo ndisauze munthu aliyense kumene apita, ngakhale mayi anga. Ku ofesi anauza anthu kuti chimfine chawatseka mawu, ndiye pamisonkhano azingolemba, osayankhula.

Asananyamuke anandituma kumsika wa ku Tsoka kukagula chingwe chachitali cha magetsi ndi kakamera kakang'ono koika pamwamba pa sikirini. Wogulitsayo anandiuza kuti, "Kagetsi kake kanapsa, mani, koma diso lili bwinobwino." Ndinakaika pamene anandiuza. Ntchito yake sindinafunse, ndipo pofika mawa lake ndinali nditakaiwala. Musaiwale inuyo.

Ananyamuka Lamulungu masana. Panyumbapo pamagwira ntchito anthu awiri: a Zakeyu a ku Nathenje, amene amalondera pageti ndi kusamala maluwa, ndi Mayi Esinati a ku Mpingu, ophika ndi kuchapa. Tsikulo onse anali kutchalitchi. Palibe anaona sutikesi ikutuluka. Lolemba anangopeza ine, ndi kakalata konena kuti Madamu achokapo pang'ono.

Sabata yoyamba

Inu amene simunakhaleko ku Area 10, muyenera kudziwa za chete wa kumeneko. Ku Mchesi ukayetsemula, anthu atatu amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Ku Area 10 ukhoza kukuwa masana dzuwa lili paliwombo, akuyankha ndi njiwa. Mipanda yake ndi yaitali, pamwamba pali mawaya amagetsi amene amangoti thi, thi, thi ngati wotchi ya munthu wodwala. Galimoto imatulukira, geti limatseguka lokha, galimoto imalowa, geti limatsekeka, nkhope ya mwini nyumba osaiona. Inali nyengo ya mphepo, masamba ouma amayenda okha mumsewu wopanda munthu.

Lolemba m'mawa ndinayatsa kompyuta, n'kukhala pakama kudikira. Itakwana eyiti koloko, kamuvi koyera ka pa sikirini kanagwedera. Kenako kanayenda pang'onopang'ono kupita pakona, kanatsegula tsamba, zilembo n'kuyamba kutuluka chimodzichimodzi. Mpando wopanda munthu. Kiyibodi ili phee, palibe batani lotsika. Ineyo ndimadziwa zonse, chingwe ndinagula ndine, komabe tsitsi la kunkhongo linaima.

Masana foni yanga imalira, Anti akutumiza zithunzi. Mizikiti ikuluikulu ngati mapiri, msika wofolera umene akuti ukhoza kusocheramo tsiku lathunthu, amphaka onenepa atagona pamipando ya malo odyera popanda wowathamangitsa. Amati m'mawa amakhala pamalo omwera khofi n'kumalemba malipoti a Mhango, nthawi yopuma n'kuthamangira kukaona malo, n'kubwereranso. "Sindinagwirepo ntchito mokoma chonchi," analemba tsiku lina. "Magetsi asathime, Penjani."

Magetsi amathima ndithu, ndipo petulo anali wosowa. Pamalo omwetsera mafuta amakana zigubu, ndiye ine ndi a Zakeyu tinakweza jenereta yonse pawilibala, n'kukaima nayo pamzere pakati pa magalimoto, ikamasuntha galimoto ya kutsogolo nafenso tikukankha. Imeneyo ndiyo inali ntchito yolemetsa. Yotsalayo inali kukhala ndi kumvetsera njiwa. Munthu ngati ine sungamusiye m'nyumba yachete masiku asanu.

Lachisanu ndinaiwala kutseka makatani bwinobwino. Ulendo umenewo wokha ndiwo sunali dala. Ndili pakhonde ndinamva paipi yothirira maluwa yagwa pansi. A Zakeyu anali ataima pawindo la chipinda chija, madzi akuwathira m'mabuti, iwo osamva.

"Achimwene," anandiitana ndi mawu otsika, "m'chipindamu muli ndani?"

"Mulibe munthu, a Zakeyu."

"Nanga akulembayo ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi zamakina chabe. Koma lamulo lachitatu limati ndisauze munthu, ndipo ine ndimalemekeza malamulo akandikomera. Ndinagwetsa nkhope, ndinayang'ana kumwamba pang'ono, n'kupumira m'mwamba.

"Anandiuza kuti ndisauze munthu."

A Zakeyu anayang'ananso pawindo. Pa sikirini mawu ena anafufutika okha, n'kulembedwanso. "Amatero Madamu," ananong'ona. "Akalakwitsa sapitirira."

Sabata yachiwiri

Apa ndiye ndinayamba ntchito yeniyeni. Ndinatenga juzi yofiira ya Anti n'kuiveka pamsana pa mpando. Magalasi awo akale ndinawaika pafupi ndi kiyibodi. Masilipasi ndinawaika pansi pa tebulo, imodzi yopendekeka pang'ono, ngati phazi langochokamo kumene. Makatani ndimasiya mpata wokwana diso limodzi.

Koma chimene ndimanyadira mpaka lero ndi tiyi. Lolemba teni koloko ndinalowa kukhitchini n'kunena kuti, "Mayi Esinati, Madamu akuti tiyi."

"Abwera?"

"Akuti tiyi."

Ananditayira kapu m'manja osandiyang'ana. Ndinayenda nayo m'khonde la m'kati pang'onopang'ono, ndinagogoda katatu, n'kunena mokweza kuti, "Odi, Anti." Ndinalowa, ndinakiya, ndinakhala pakama n'kumwa tiyi yense. Kenako ndinatenga lipisitiki wa Anti, ndinadzipaka pamlomo wam'munsi, n'kudinda m'mphepete mwa kapu. Ndinapukuta pakamwa ndi mkono wa malaya, n'kubweza kapu kukhitchini.

Mayi Esinati anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali. Sanaigwire. Anaikankhira m'sinki ndi mthiko, anaithira madzi owira, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa. Kuyambira tsikulo anasiya kukolopa mbali imeneyo ya nyumba. Akamadutsa pakhomo la chipindacho amawerama pang'ono ngati m'katimo mwakhala munthu wamkulu.

Lachitatu Anti anatumiza chithunzi chimene chinandimalizira ntchito. Anapita kukaona chitsime chakalekale cha kunsi kwa mzindawo. Pachithunzipo panali mdima, mizati yamwala yambirimbiri itatuluka m'madzi akuda, kuwala kofiira kochokera pansi. Anti anaima pakati, theka la nkhope losaoneka. Kumbuyo kwawo kunali mutu waukulu wamwala, wozondoka, maso ali tong'o. Ndinapita nacho pageti.

"Anditumizira ichi."

A Zakeyu anagwira foniyo ndi manja awiri. Kenako anavula chipewa. "Kumeneku n'kuti?"

"Musandifunse, a Zakeyu."

"Kuli madzi," anatero okha. "Abusa sananenepo kuti kuli madzi." Anandibwezera foni. "Nanga thupi lili kuti, mwanawe? Achibale akudziwa?"

Ndinaphimba nkhope ndi manja n'kuthamangira m'nyumba, mapewa akugwedezeka. Iwo anaona ngati ndikulira. Ndipo ana anga, mulembe penapake: mawu oti anamwalira sanatulukepo pakamwa panga ngakhale kamodzi. Anthu anawapeza okha.

Chimene sindinachiganizire ndi chakuti ku Area 10 eni nyumba sayankhulana, koma alonda amayankhulana. Masana amakhala pamageti, kugawana mbatata ndi nkhani. Pofika Lachisanu, mayi wogulitsa tomato anasiya kuima pakhomo pathu. Anthu oyenda pansi amawolokera tsidya lina la msewu. Alonda a nyumba zina amabwera awiriawiri, kuvula zipewa pageti, kuyenda monyang'ama mpaka pawindo, kusuzumira, n'kubwerera. Mmodzi anasiya dzira pawindopo. Ine ndimaonera kuseri kwa makatani a kuchipinda changa, pilo ndili nayo kukamwa.

Sabata yachitatu, Lolemba mpaka Lachinayi

Chithunzi chomaliza chinabwera Lamulungu. Anti anali pa sitima yapamadzi, mbalame zoyera zikuuluka pamutu pawo, iwo akuseka. Lolemba ndinawalembera kuti petulo watsala pang'ono. Uthenga sunafike. Ndinaimba, foni yozima. Lachiwiri chimodzimodzi. Koma eyiti koloko ikakwana, kamuvi kamagwedera, zilembo n'kuyamba kutuluka monga mwa masiku onse. Ndinadziuza kuti ndi netiweki.

Lachitatu kunachita mitambo ndi kamphepo kozizira. Ndinachedwa ndi tiyi chifukwa ndinayamba ndacheza ndi a Zakeyu. Ndinagogoda katatu, odi Anti, ndinalowa, ndinakiya. Ndisanakhale pansi, ndinaona kuti zilembo zaima pakati pa chiganizo. Kamuvi kanayenda, kanatseka lipoti, kanatsegula tsamba loyera lopanda kanthu. Panapita kanthawi. Panja mawaya amangoti thi, thi, thi. Kenako zinayamba kutuluka, chimodzichimodzi, mosafulumira.

Tiyi wa lero wazizira.

Ndinayang'ana kapu ili m'manja mwanga. Simatuluka nthunzi. Ndinayang'ana mpando, juzi yofiira, magalasi, masilipasi. Ndikulumbira kuti silipasi imene ndinaisiya yopendekeka inali itawongoka, ngakhale mwina ndinaigunda ndekha. Mawu aja anafufutika kuyambira kumapeto, chilembo chimodzichimodzi, lipoti linatsegukanso, ntchito n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Sindikumbukira mmene ndinatsegulira chitseko. Ndinapezeka ndili kuseri kwa thanki ya madzi, kapu ikadali m'manja. Mutu umandiuza kuti Anti ali ku Istanbul, zonsezi n'zamakina, unagula chingwe ndiwe. Koma miyendo imafunsa mafunso ake. Adziwa bwanji za tiyi? Foni yazima chifukwa chiyani? Sitima ija inafika? Ndinafufuza pa intaneti ngati kwachitika ngozi ya pamadzi kumeneko, koma zambiri zinali m'chiyankhulo chawo. Mayi sindikanawauza, iwo amadziwa kuti mng'ono wawo ali ku Area 10, ndikumuthandiza kusesa.

Lachinayi ndinayatsa kompyuta ndi maso otsinzina n'kuthawa. Teni koloko sindinapite kukhitchini. Anabwera okha Mayi Esinati, kapu ili pambale, nthunzi ili tolotolo.

"Kawapatse," anatero. "Angakwiye. Ndaika shuga masipuni awiri, mmene amakondera."

Taonani zimenezo. Bodza langa lomwe linayamba kundituma. Ndinalowa, ndinaika kapu patebulo. Tsamba loyera linali litatseguka kale, likundidikira.

Usamwe. Ndi wanga.

Sindinamwe. Ndinausiya pomwepo mpaka unachita khungu pamwamba.

Lachisanu

Cha m'ma naini koloko, galimoto yoyera inaima pageti. Munatuluka bambo wamtali wa suti yakuda, ndi amayi awiri ovala zitenje ndi mipango kumutu. Wina ananyamula paketi ya shuga. A Zakeyu anawatsegulira atagwira chipewa pachifuwa. Ndinawadziwa bamboyo ndi zithunzi za ku ofesi. Anali a Mhango, bwana wa Anti, mkulu wa mpingo, munthu amene akuti saseka ngakhale pa ukwati. Nkhani inali itachoka pageti lathu, kudutsa mageti onse, kufika kwa dalaivala wa bungwe, n'kukwera masitepe a ku City Centre.

"Ndiwe mwana wa m'nyumba muno?"

"Eya, bwana."

"Dalaivala wathu akuti a Towera anatisiya sabata yatha." Anandiyang'anitsitsa. "Ine ndalandira lipoti lawo dzulo masana. Lopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Foni yawo yozima. Mawu awo sitinawamve milungu itatu. Ndiuze, chikuchitika n'chiyani panyumba pano?"

Ndisanatsegule pakamwa, a Zakeyu anati, "Bwana, bwerani mudzaone nokha. Koma muyende pang'onopang'ono, sakonda phokoso."

Tinazungulira nyumba tonse pamzere. A Mhango anawerama n'kuika diso pampata wa makatani. Amayi aja anasuzumira pansi pa mikono yawo. Ine ndimadziwa chimene akuona: juzi yofiira, mpando wopanda munthu, kapu ya dzulo, ndi zilembo zikutuluka zokha. Mayi wina anayamba kuwerenga monong'ona. "Okondedwa a Mhango, ndatumiza ndondomeko ya mwezi wamawa monga munapempha." Kamuvi kanayenda kupita pakona, kanadina. Tsamba linazimiririka.

M'thumba la jekete ya a Mhango, foni inalira kamodzi.

Palibe anasuntha. Paketi ya shuga inagwera m'maluwa. A Mhango anatulutsa foniyo ndi zala ziwiri, anaiyang'ana, n'kukhala pansi pa njerwa za m'mphepete mwa maluwa, suti ndi suti yomwe. Kenako anati, "Bambo awo a Towera ndimawadziwa. Aphunzitsi aja a ku Rumphi, anandiphunzitsa Sitandade 6. Sizingatheke kuti mwana wawo azivutika chonchi iwo osadziwa. Ndiwaimbire." Ndipo anayamba kufufuza nambala.

Pa ntchito iliyonse, ana anga, pamabwera tsiku losankha chinthu chovuta. Langa linali limenelo. Agogo amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo Anti Towera ndi chitsirizira chawo. Foni imeneyo ikanalira ku Rumphi, maliro abodza akanabala enieni. Koma kuti ndiiletse, ndimayenera kunena kumene Anti ali, ndipo ndikanena, ntchito yatha, nyumba yapita, sukulu yanga yapita. Choipitsitsa n'choti ineyo sindimadziwa ngati zimene ndinene zili zoona. Chala cha a Mhango chinali chitafika pa dzina la agogo.

"Musaimbe, bwana! Ali moyo. Ali ku Istanbul."

"Kuti?"

"Ku Istanbul. Anakwera ndege. Juziyo ndinaika ndine. Tiyi ndimamwa ndine. Milomo ya pakapu ndi yanga."

Mayi Esinati, amene anali ataima pakona ya nyumba, anati, "Mayo ine," koma sanali mayo wa chisoni.

"Tsegula chitseko," anatero a Mhango.

Tinalowa tonse. M'chipindamo mumanunkha tiyi wogona. Zilembo zinali zitaima. Ndinaphwanya lamulo lachiwiri, popeza lachitatu linali litapita kale. Ndinakhala pampando wa juzi, n'kulemba kuti: Anti, muli moyo? Tinadikira. Njiwa inalira panja. Kenako kamuvi kanagwedera.

Ndili moyo, chitsiru iwe. Foni inagwera m'nyanja ndikujambula mbalame. Kakamera kako ka ku Tsoka kamaona bwino. Ndakuonera milungu iwiri ukudzipaka lipisitiki wanga. Moni a Mhango. Moni amayi. Mwavaliranji zitenje?

A Mhango anandichotsa pampando ndi kolala, anakhalapo okha, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, akutchula mokweza chimene akulemba. Anati Anti atuluka m'dziko popanda chilolezo, anamiza ofesi, ndipo Lolemba kalata yowachotsa ntchito ikhala itasainidwa. "Kumwalira ndikanamvetsa," anatero potembenukira kwa amayi aja, "koma Istanbul?"

Kamuvi kanakhala phee nthawi yaitali, moti ndinayamba kuganiza zokagulitsa zingwe ku Tsoka moyo wanga wonse. Kenako kanayenda, kanatsegula bokosi la maimelo, kanasankha imodzi n'kuikulitsa kuti tonse tione. Inachokera kwa a Mhango, dzulo lake madzulo. Mayi wowerenga uja anawerenganso, ulendo uno mokweza.

"A Towera, ngati pali chimene ndinakulakwirani, mundikhululukire. Tchuthi chija ndinayenera kukupatsani kalekale. Ndachivomereza chonse, kuyambira tsiku limene munachoka pakati pathu. Ntchitoyi isiyeni, timaliza tokha. Chonde musandilemberenso."

Pansi pake Anti analemba: Dzulo sindinaimvetse imeneyi, bwana, ndimaona ngati mwadwala. Tsopano ndaimvetsa. Zikomo chifukwa cha tchuthi. Kodi kalata ya Lolembayo mukaitumiza kulikulu, muphatikizapo ndi iyi, kapena ndiphatikize ndine?

Mayi mmodzi anatuluka panja atagwira pakamwa ndi mpango. Mnzake anamutsatira. Tinawamva akuphulika kuseri kwa thanki. A Mhango anakhala akuyang'ana imelo yawoyo, makutu akuchita kuwala. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa womwewo anali atasonkhanitsa anthu a ku ofesi, anaimbitsa nyimbo ziwiri, n'kutuma munthu kukafunsa za nkhata ya maluwa. Anaimirira, anakonza jekete, n'kunena kwa sikirini ngati akuyankhula ndi munthu wokhala pampando, "Tchuthi chikatha mubwere ku ofesi. Kunyumba simudzagwiriranso ntchito." Pakhomo anatembenuka n'kundiloza. "Ndipo uyu ndisadzamuonenso."

Shuga uja anamusiya. Mayi Esinati anamutola m'maluwa.

Ogasiti

Anti anakhalanso sabata ina ku Istanbul, laputopu ili yotseka, popeza tsopano chinali tchuthi chovomerezeka ndi bwana. Anabwera Loweruka masana atanenepa masaya. A Zakeyu anatsegula geti, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Madamu, mundikhululukire," n'kuwatsina pamkono. Atamva kuti ndi mnofu, anavala chipewa chawo n'kunyamula sutikesi.

Ine anandiitanira m'chipinda chija. Ndinayamba ndine kuyankhula, chifukwa pa milandu yotere woyamba amapindula. Ndinawakumbutsa kuti popanda ine a Mhango sakanalemba imelo ija, ndipo tchuthi cha zaka zitatu ndawapezera ndine. Anati nditseke pakamwa, ndipo ntchito yanga yatha kuyambira nthawi yomweyo. Ndinavomera, koma ndinati ndifunseko chimodzi.

"Anti, za tiyi wozizira zija, munadziwa chifukwa chosaona nthunzi eti?"

"Tiyi wanji?"

"Lachitatu lija. Munalemba kuti tiyi wazizira. Mawa lake munati ndisamwe."

Anandiyang'ana osaphethira. "Lachitatu m'mawa ndinali kokagula foni ina, laputopu ndinaisiya kuhotela. Ukunena chiyani iwe?"

Mpaka lero sindidziwa. Anti ndi mng'ono wawo wa mayi anga, magazi athu ndi amodzi, ndiye n'kutheka kuti bodza amalithanso ngati ine. Koma m'chipinda chimenecho sindilowamo ndekha.

Chilango anachikonza atakhala upo ndi Mayi Esinati ndi a Zakeyu. Lolemba masana, nthawi imene alonda amakhala pamageti, anandikhazika pakhonde. Mayi Esinati anandigwira chibwano, Anti anandipaka lipisitiki yemwe uja, milomo yonse iwiri, mosaumira. Anandiveka juzi yofiira. Anandipatsa kapu yopanda kanthu pambale. Ndiye tinayamba ulendo, ine patsogolo, Anti pambuyo panga ndi ambulera, a Zakeyu kumapeto ngati mboni. Pageti lililonse la msewu wathu ndi misewu iwiri yoyandikana nayo, ndimayenera kuima, kupereka moni, n'kunena kuti, "Madamu awa ali moyo. Amamwa tiyi ndine."

Amaganiza kuti ndichita manyazi. Geti loyamba ndinanena motsitsa, n'zoona. Koma mlonda wake anaseka mpaka kutsamira khoma, n'kundigawira mbatata. Pofika geti lachisanu ndinali nditawonjezera kugwada ndi kudinda kapu iwo akuona. Amayi ogwira ntchito m'nyumba amatuluka ndi zopukutira m'manja. Geti lina linatseguka lokha, mwini nyumba n'kutulutsa mutu, ndipo a Zakeyu anati pa zaka zonse agwira ntchito kumeneko, nkhope imeneyo anaiona koyamba tsiku limenelo. Mlonda uja anasiya dzira pawindo ndiye anakana kuyandikira. Anayang'ana Anti, anayang'ana pansi kuti aone ngati ali ndi chithunzithunzi, n'kulowa m'kanyumba kake n'kutseka.

Titamaliza, Anti anandipatsa kansalu kuti ndipukute pakamwa ndisanakwere minibasi ya ku Mchesi. Ndinadziyang'ana pagalasi la galimoto yawo, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kuwabwezera kansaluko. Mtundu umenewo unandikhala bwino kuposa eni ake.